Kakhadi ka M'kamera

Mayi wa jasi yobiriwira wagulitsa kamera yake,
wawerenga ndalama kawiri,
n'kumira m'khamu la ku Nipponbashi.

Madzulo ndikupukuta galasi,
ndapeza kakhadi kali phee m'kati
ngati nkhupakupa m'khutu mwa galu.

Zithunzi mazana anayi.
Mwamuna pabedi la m'chipatala, akuseka ndi mano atatu.
Mphaka pawindo. Kalata ya ku banki,
manambala onse ali pambalambanda.
Kenako maluwa oyera, ambirimbiri,
ndipo mwamuna uja sakuonekanso.

Bwana Kuwahara sanadzutse n'komwe mutu:
"Fufuta, Shiori. Ufufute kawiri.
Ife tagula chitsulo ndi galasi,
maso a mwini wake sitinagule."

Ndayamba ndadikira.
Mwina atulukira ali wefuwefu, ambulera ikudontha.
Sitima ya naini koloko yadutsa pansi pathu,
mashelefu anjenjemera.

Ndadina.
Kamzere kakukwawa pang'onopang'ono,
kadya mphaka, kadya chipatala,
kadya kuseka kuja.

Mawa kamera ikhala pawindo, mtengo uli m'khosi,
ngati sinaonepo kanthu.
Nanga ine, andifufute ndani?