Lipoti la Zelipa

Ndinaliwerenga pansi pa getsi la pageti ku Kabulonga,
usiku wa Lachinayi, agalu a bwana atagona.
Pepala linali litapindidwa kanayi m'thumba la jekete,
pakona litanyowa ndi thukuta langa.
Nambala 23 mwa ana 61.
Masamu, bwinoko. Chingerezi, pakatikati.
M'munsi mwake Mayi Sakala analemba ndi inki yofiira:
"Amafunsa kwambiri. Musamuletse."

Ndinadziguguda pachifuwa ndekhandekha.
Kodi ndimachezera pampando wachitsulo uno,
kulimbana ndi udzudzu mpaka tambala,
kuti mwana wanga akhale wa 23?
Mwana wa a Ngoma, khomo loyandikana nafe, ndi wachiwiri,
ndipo bambo ake satopa kutikumbutsa pampopi.

Ine sukulu ndinalekezera giredi 5, kwathu ku Petauke.
Chimene ndinatolako ndi kuima mowongoka
ndi kuyankha kuti inde.
Inde aphunzitsi. Inde bwana. Inde madamu.
Zaka khumi ndi zisanu ndikutsegula geti la eni ake,
liwu limeneli landidyetsa,
koma landidyanso.

Loweruka, papuloti pathu ku Mtendere,
a landilodi anabwera ndi kabuku kawo ka magetsi.
Mabanja asanu, mita imodzi.
"Mayuniti atha. Khomo lililonse sikisite kwacha."
Tonse tinayamba kupisa m'matumba
monga mwezi watha, monga mwezi winawo.

Zelipa ankatsuka mbale kuseri kwa dilamu.
Anapukuta manja padiresi, nagwada
monga amake anamuphunzitsira.
"Pepani agogo, ndingaoneko risiti?"

Kukamwa kwanga kunauma gwa.
Ndinamuponyera diso loti chete iwe.
Sanandione, kapena anandiona n'kundikhululukira.
Anatola khala pambaula
nalemba pasimenti ya khonde:
zimene tinasonkha, zimene zinagulidwa, zimene zasowa.
Pakati anaima. "Ayi, apa ndaphonya."
Anafufuta ndi chidendene, nayambiranso,
anthu onse akumuyang'ana, iye osachita manyazi.

A landilodi anapenya khondelo nthawi yaitali.
Kenaka anaseka kuseka kouma.
"Mwezi uno perekani fote."

Madzulo ndinamufunsa, wakuphunzitsa ndani?
"Mayi Sakala amati ukapanda kumvetsa, kweza dzanja.
Dzanja silithyoka."
Atatero anabwerera kumbale zake.

Kuyambira tsikulo ndinayamba kuona zimene lipoti silinalembe.
Ndi iyeyu amene amapita ndi mlongo wake kukiliniki,
khadi lili m'pulasitiki, n'kufunsa anesi kuti mankhwalawa n'ngachiyani.
Anamuchotsa mutimu ya netibo chaka chatha,
analira masiku awiri, lachitatu anabwerera kukatola mipira,
lero ndiye amaponya.
Amadziwa chifukwa chake repu wa m'dimba la sukulu amachita chikasu.
Nthochi yake ya pabuleki amagawana ndi Tisauke, wa nambala 61,
ndipo saona chachilendo pamenepo.

Sindikunena kuti 23 ndi nambala yokoma.
Ndamuuza kuti Chingerezicho achikokere m'mwamba,
iye wandiuza kuti ndimugulire babu lowala bwino.
Tagwirizana.

Koma tamverani za Lolemba lapitali.
Bwana anatsitsa galasi la galimoto
nandipatsira envulopu ya pamwezi, injini ikulira.
Zaka zonsezi ndimailandira ndi manja awiri
n'kukaitsegulira kuchimbudzi.
Ulendo uno ndinati, "Dikirani pang'ono, bwana."
Ndinaitsegula pomwepo, zala zikunjenjemera,
ndinanyambita chala, n'kuwerenga limodzilimodzi,
galimoto ili chiimire, geti lili chitsekere.

Zinali zokwanira, osasowa ngakhale ngwee.
Koma ndinawerenga.

Usiku womwewo ndinafunyulula lipoti lija pabondo.
Pamzere wa kholo ndinasaina dzina langa lonse,
Malizani Daka,
ndipo pansi pa inki yofiira ya Mayi Sakala
ndinaonjezera ndi bolopeni ya mubuku la pageti:
"Sindimuletsa."