Ngongole ya Chiguduli

Anandituma ku Faridpur ndi kope, sikelo ndi mabotolo khumi.
Anati: Shefali, pita ukatiwerengere
zimene thumba limodzi la juti limalanda dziko
lisanakolekedwe paphewa la wogula ku Ulaya.
Akufuna nambala imodzi basi,
yoti aidinde pakona pa thumba.

Motaleb ndinamupeza m'thamanda, madzi ali m'chifuwa,
madzi akuda bii,
fungo lake lokulonjera usanatsike panjinga.
Mitolo yagona pansi masabata awiri
yotsenderezedwa ndi matope ndi makungwa a nthochi,
iye akusenda luzi phesi ndi phesi,
kulimenyetsa pamadzi, phwa! phwa!
mpaka liwale ngati uchi.

Feteleza munathira matumba angati?
Awiri, anatero. Kenaka: ayi, limodzi ndi theka,
theka linalo linapita kumpunga wa mlamu.
Nanga dizilo wa pampu?
Pampuyo ndi ya anthu asanu,
ndipo wachisanuyo sasonkha.
Ndinalemba, ndinafufuta,
ndinasiya bolopeni n'kutenga pensulo.

Botolo loyamba ndinatunga kumtunda, mmene muli tinsomba.
Lachisanu ndi chiwiri ndinatunga pakati pa mitolo,
kachipangizo kanga n'kunena kuti mpweya wa m'madzi watha.
Mvula ikatsuka, nsomba zimabwerera, anatero Motaleb
osadzutsa nkhope.
Koma chaka chino mvula yachedwa.

Sikuti zonse n'zoipa, ndinalembanso zabwino:
miyezi inayi mbewuyi inamwa utsi wa m'mlengalenga,
masamba ake oyoyoka anadyetsa nthaka
imene mawa idzabala mpunga.

Pabwalo mkazi wake, Johora, ankaimika mapesi otsala,
oyera mbee, opepuka ngati bango.
Ndiwo nkhuni zake, ndiwo mpanda wake,
ndipo mphonda zake zimayanga pomwepo.
Buku langa limati: gawani mlandu
pakati pa luzi ndi mapesi.
Ndikagawa potsata kulemera, mapesi asenza zambiri,
thumba n'kutuluka loyera ngati mwana wosalakwa.
Ndikagawa potsata ndalama, thumba lisenza pafupifupi zonse.
Nditamufotokozera, Johora anaseka mpaka kugwira nthiti:
Ndiye kuti mpanda wangawu uli pa mlandu?

Madzulo Motaleb anavuuka.
Miyendo yake inali yotuwa, yofewa ngati chinangwa chonyika,
zilonda pakati pa zala,
msundu umodzi ukadali kakaka pakatumba.
Anauchotsa ndi mchere ngati kuthothola chisoso pansalu.
Ndinatsegula kope, ndinayang'ana mizere yonse:
madzi, mafuta, nthaka, mpweya.
Mzere wa miyendo panalibe.

Ku Dhaka, pansi pa fani yolira usiku wonse,
ndinaonkhetsa magetsi a kufakitale,
mafuta ofewetsera luzi,
lole yopita kudoko la Mongla,
sitima yodula nyanja zitatu.
Kompyuta inalavula nambala yosalala,
yometa bwino, yopanda fungo.

Komabe nambalayo ili ndi khomo losatseka.
Kutali uko kuli munthu amene sindidzamuona.
Akalinyamula thumbali chaka ndi chaka,
n'kulisoka likang'ambika,
ngongole idzatha pang'onopang'ono.
Akaligwiritsa ntchito kamodzi
n'kuliiwala kuseri kwa chitseko pamodzi ndi anzake asanu ndi atatu,
ndiye kuti jumbo ya pulasitiki ija tinkainyoza
idzatiseka.
Kumeneko sikelo yanga siifika.

Abwana anati: ntchito yabwino, saina apa.
Ndinasaina.
Pansi penipeni, m'tizilembo toti munthu atsinzinire diso,
ndinaonjezera: zimadalira mmene mwagawira mlandu.
Sindikudziwa ngati adzazisiya.

Dzulo Motaleb anaimba pafoni ya mwana wake.
Mlongo, tapezeka kuti tikulemera bwanji?
Ndinayang'ana kope, tsamba lachisanu ndi chinayi,
pomwe dontho la m'thamanda linagwera
n'kudya manambala awiri.
Ndinati: mvula yagwa kumeneko?
Anati: ikugwa panopa, tamverani.
Ndipo anakweza foni kumalata.