Cholakwika Chili Kumanzere

Zaka makumi atatu ndi ziwiri
ndinkasaka zilembo zosokera ku Printi ya boma,
pensulo kukhutu, magalasi pamphuno.
Kadontho kamodzi kakakhala posayenera
lamulo lonse linkatsimphina.
Lero akuti cholakwika chili mwa ine,
kuseri kwa nthiti, cha kumanzere,
komwe singano ya dokotala ikuopa kufikako.

Dokotala Nkhonjera anatembenuza kapepala
najambula mtsinje.
Anati: Bambo Likaomba, mumaudziwa Likangala mvula ikagwa.
Simusowa kukwera phiri kuti mudziwe za kumtunda.
Mumangoima pamlatho
n'kuona makala, utuchi, thovu la sopo, nsapato imodzi ya mwana.
Chotupa nachonso chimataya zinyenyeswa m'magazi,
timapepala tong'ambika ta kalata yake.
Alipo makina otola timapepalato n'kuwerenga.
Popanda mpeni.
Timabotolo tiwiri basi, pamkono apa.

Ndinafunsa: Akawerenga atiuza chiyani?
Anati: Chilembo chomwe chinasokera,
ndi mankhwala amene angachigonjetse, ngati alipo.
Miyezi ikapita tingayezenso
kuti tione ngati chikufota,
kapena ngati chikubwerera mwakachetechete
chifuwa chisanayambe kulengeza.
Koma mumve bwino, bambo:
tsiku lina mtsinje umadutsa woyera
pamene kumtunda ng'anjo ikufuka.
Tsamba likabwera lopanda kanthu
sindiye kuti mwachira.

Nanga makinawo ali chipinda chiti?
Anayang'ana pazenera, kupitirira mtengo wa mango,
kupitirira mpanda.
Magazi anu ndiwo akwere ndege, anatero, inu mutsale.
Ndinaseka mpaka kutsokomola.
Ine amene ndege ndimangoiwona ikudutsa pamwamba pa Chinamwali!

Kenaka analemba mtengo wake.
Ndinauwerenga monga mwa ntchito yanga,
pang'onopang'ono, chala pansi pa mzere,
ndikuyembekeza kuti ziro mmodzi walowa mwangozi
kuti ndimuzungulize, ndilembe m'mbali: chotsani.
Ndinabwerezanso.
Munalibe cholakwika.

Usiku magetsi atazima
Esinta anayatsa foni n'kuyamba kuwonkhetsa.
Penshoni ya miyezi ingapo, titapanda kudya.
Makina osokera a malemu mayi ake.
Malata khumi ndi asanu ndi atatu ali kudenga la bafa
kudikira nyumba yomwe maziko ake anamera bonongwe.
Kamunda ka ku Thondwe, akalola a malume.
Mlongo wake wa ku Joni anatumiza mawu:
Bambo, musadandaule,
ndi liwu la munthu amene sanagone.

Ndinati: Mwanawe, umenewu ndi mtengo wowerengera chabe.
Mankhwalawo ali ndi pepala lawolawo.
Bwanji tikagula dzina la mdani
n'kusowa chogulira mkondo?
Sanayankhe.
Anafufuta zonse n'kuyambiranso pa penshoni.

Che Mdoka, amene tinkakhala benchi limodzi Lachinayi lililonse,
iwo anawadula kanyama m'khosi mwezi wa Malichi.
Zotsatira zinafika mu Juni,
zinawapeza atagona kale ku Namadidi.
Mkazi wawo anabwera kudzatenga envelopu ija,
sanaitsegule.

M'mawa uno pometa ndevu lezala landicheka.
Kadontho katuluka pachibwano,
ndakatola pachala, ndavala magalasi,
ndapita nako pakhonde pomwe dzuwa limayambira.
Ine amene ndinawerenga magazeti a boma mzere ndi mzere,
mabajeti, zidziwitso za malo, mayina a okwezedwa pantchito,
amene ndinagwira nduna ikulakwitsa dzina la mudzi wake womwe,
ndakayang'ana, ndakayang'ananso.
N'kofiira basi.
Zonse zalembedwamo, akutero,
kwaulere, usana ndi usiku, mtima ukudinda osapuma.

Esinta akuitana kuseri:
wogula malata wafika ndi ngolo,
akuti awiri achita dzimbiri, achotsere mtengo.
Ndapukuta chala pa buluku.
Ndikubwera, ndatero. Muuze awerengenso.