Nsapato Zitsale Pageti

Lowa, Lufeyo, koma nsapato zitsale pageti.
Usandiyang'ane choncho.
Chaka chatha ndidafotsera anayi kuseri kwa bafa,
mmodzimmodzi, atatsegula m'mimba magazi okhaokha.
Fungo lija silinandichoke m'mphuno.

Ndi pavo, adatero a zaziweto ku Salima boma:
amabwera pa phazi la mlendo,
amabisala m'dothi mpaka dzinja linalo.

Dzana Sakusala waswa asanu.
Maso sanatsegule,
akungofwenthera, kulimbirana mkaka woyamba,
chishango chokhacho chomwe ali nacho.

Khonde ndakwecha ndi jiki mpaka zala kutuwa.
Pakhoma ndalemba ndi khala:
masabata asanu ndi limodzi, katemera.
Ya kabaza ndabisa m'chitini, mowa usaione.

Suzumira uli pomwepo.
Kakuda ako ndi kako,
koma dzina usakatche kaye.