Mzere wa 803

Mayi amauza anzawo ku Mpondasi
kuti Sumini amagwira ntchito ku laibulale.
Sindiwatsutsa.
Ndiwauze bwanji kuti yangayi ilibe khomo,
ilibe mashelefu, ilibe fumbi,
imakhala m'mimba mwa foni
ngati nthanga m'dzungu?

Anaiyamba ndi Twaibu
asanakwere basi ya ku Joni.
Anandisiyira mizere zikwi khumi
ndi chenjezo limodzi pa mzere wa 803:
usakhudze apa, ndaiwala chifukwa chake.

Ena amagula njerwa zowotcha kale.
Ine ndimayambira pa dothi:
kukoka khodi yonse bandulo ya usiku ikayamba,
kuiponda, kuithira m'chikombole,
kuyatsa uvuni ndi batani limodzi
n'kupinda manja.
Laputopu imatentha ngati mbaula,
kafani kake kakulira mopikisana ndi udzudzu.

Kumanga kumafuna mphindi makumi anayi.
Patatsala ziwiri, magetsi phethi!
Batire inafa chaka chatha.

Atayaka ndinayambiranso,
koma sikirini inandilavulira zilembo zofiira.
Eni mafoni, kwawo kutali uko,
asinthanso maloko osatiuza,
ndipo chala chofiiracho chinaloza pa 803.

Ndinaufufuta.
Azana ya m'bandakucha isanathe
zonse zinabiriwira,
ndinagona ngati munthu wopha njoka.

M'mawa, pafupi ndi mlatho,
Che Mang'anda a kabaza anandiimitsa.
Foni yawo ndi yong'aluka, yomanga ndi mphira,
m'menemo ndi momwe muli chipereganyu
cha anthu khumi ndi asanu ndi awiri.
Anandionetsa osalankhula.
Dzina lawo linali litaduka pakati:
Mang.
A Ching'amba atsala Ching.
Ndalama zawo zinalipo, eni ake kulibe.

Kani mzere uja unali mlonda
wa kachizindikiro kopachikika pamwamba pa ng',
kamene makina a eni ake amayesa mapeto a mawu.

Ndinabwerera wapansi, dzuwa likuwotcha pa liwombo.
Ndinaulembanso, mwa njira yogwirizana ndi maloko atsopano,
ndipo pansi pa chenjezo la Twaibu
ndinaonjeza langa, la amene adzabwere
ine nditatopa kapena nditakwera basi:
apa m'pamene timasunga mayina a anthu athunthu.

Kenako ndinakanikizanso batani
n'kuyang'ana babu la kudenga.