Chopondera Chachitatu

Mu Januwale ku Oulu dzuwa limangosuzumira
n'kubwerera.
Ine ndi bambo tagona chagada pansi pa Volvo,
simenti ikutiluma misana,
mpweya ukufuka m'kamwa ngati utsi.

Galimotoyi anagulira mayi, a Ritva,
mwendo wamanzere utayamba kuwavuta:
ya zopondera ziwiri, yosintha yokha magiya.
Mayiwo tinawaika chaka chatha.
Tsopano bambo akuti phazi lawo latopa ndi ulova.

Giyabokosi ina tinakagula kwa Pentti wa zitsulo zakutha,
mayuro zana, khofi waulere.
Bawuti lachinayi lakana.
Bambo alitukwana, alithira mafuta, alinyengerera,
sipanala yaterereka, chala chang'ambika.
Yakaleyo yatsika pa jeke
ikuchucha oyilo wofiira
ngati yavulala ndi iyo.

Titafunyulula kapeti
tapeza malo a chopondera chachitatu,
olembedwa kale kufakitale,
ndi kachopanira tsitsi ka mayi, kadzimbiri.
Bambo akaponya m'thumba la malaya, kukamwa kuli duu.
Ndaboola ndine.

Lamlungu injini yazima katatu pageti.
Kachinayi yanyamuka monjanja,
phazi la bambo likunjenjemera,
atakhala pampando wa mayi.