Sipanala ya ku Doncaster

Lachitatu, shifiti ya usiku,
lamba wa makatoni a nkhuku akuyenda
ngati mtsinje wosadziwa chilimwe,
ndinakweza dzanja pamsonkhano wa mphindi zisanu
n'kufunsa za maola asanu ndi limodzi
amene anasowa papepala langa la malipiro.

Derek anavula magalasi, n'kuwapukuta pamalaya.
"Dzinkambani," anatero,
akupotokola dzina langa ngati waya,
"waponya sipanala m'makina."

Ndinayang'ana m'manja mwanga.
Munalibe kanthu. Magolovesi abuluu okha, onyowa.

Pa nthawi ya tiyi, Maureen,
amene wakalambira palamba yemweyu,
anandimasulira akuuzira kapu yake:
kuno amatero kwa munthu
wosokoneza zinthu zimene zikuyenda bwino.
Chitsulo chagwera pakati pa mano a injini,
phokoso, utsi, kenako zii.
"Zikuyenda bwino kwa yani?" ndinafunsa.
Anaseka mpaka kutsamwa.

Bambo anga ankakonza njinga pa Lunzu,
pansi pa mtengo wa mango, pafupi ndi chigayo.
Sipanala yawo ya teni ankaimangirira m'chiuno
kuopa obwereka osabweza.
Sindinawaonepo akuiponya,
ngakhale tsiku lija wakabaza anathawa osalipira.
Kwathu sipanala imamanga zimene zakhwepa.
Koma ankatinso, akupukuta girizi kuthalauza:
tcheni chikayamba kulira, tsika.
Njinga sakonza ikuyenda.

M'basi ya faifi m'mawa, mawindo ali nthunzi yokhayokha,
mkazi wanga anaimba kuchokera ku Chirimba.
"Mwafunsiranji? Mapepala anu ali m'manja mwawo.
Walira mvula walira matope, bambo a Tadala."
Ndinangoti ndamva.
Panja mvula ya kuno, yosabereka chimanga,
inali kunyowetsa njerwa zofiira.

Lachisanu maola aja anabwerera,
ali pamzere wawowawo, opanda pepani.
Derek anandidutsa ngati chipilala.
Koma pakhomo la ofesi panaima anthu anayi,
mnyamata wa ku Romania, amayi awiri a ku Ghana,
ndi Maureen,
aliyense pepala lake m'manja.
Lamba anaima mphindi khumi ndi ziwiri.
Ndinamva koyamba kuti padenga pamalira nkhunda.

Poweruka ndinapeza pa lokala yanga
kasipanala kakang'ono, kaja komangira mabedi a m'katoni,
atakamata ndi selotepu, popanda dzina.
Ndakamangirira chingwe.
Kali m'thumba muno, kozizira,
ndipo sindinadziwebe
ngati n'kokonzera kapena koponya.